Kuya kwa nthaka: zomwe udzu wa ku Kansas ukutiuza

 Lero tiyambira kutali, ku Kansas m'dziko la America, ndipo tiyamba ndi udzu. Musaseke.

Kumeneko kuli dera la zitunda lotchedwa Flint Hills. Pulawo sinalowemo kwenikweni kaamba koti mwala uli pafupi, choncho udzu wachilengedwe ukadalipo. Kuyambira 1971, akatswiri a Kansas State University ali ndi malo kumeneko otchedwa Konza, komwe amayeza kakulidwe ka udzuwo. M'zigwa momwe nthaka ndi yakuya, udzu wa big bluestem umatalika mpaka kupitirira munthu mvula ikagwa bwino, ndipo umaphimba unzake. Kumeneko nkhondo ndi yolimbirana dzuwa. Mukakwera pachitunda, pomwe khasu silichedwa kugunda mwala, big bluestem yemweyo amapinimbira, ndipo udzu waufupi monga little bluestem umapeza danga. Kumeneko nkhondo ndi ya madzi. Mvula ndi imodzimodzi. Chasiyana ndi nkhokwe yosungira madziwo pansi. Mvula ikachepa, oyamba kufota ndi apachitunda.

Tsono chimanga nachonso ndi mtundu wa udzu. Tikalima malo otsetsereka popanda akalozera, chaka ndi chaka madzi amasenda nthaka yapamwamba. Pansi napo, poti khasu limafika pomwepomwepo nthawi zonse, pamauma gwa, mizu nkumakhotera m'mbali. Munda womwe agogo athu anausiya ngati chigwa tausandutsa chitunda. Ng'amba ya masabata awiri mu Januwale, chimanga chapota masamba, pamene udzu wosafunika uli bii.

Kuyambira 2005, misonkhano yathu yambiri yakhala ikuthera pa nkhani ya feteleza wotsika mtengo. Feteleza timamufuna, sitikukana. Koma thumba lothira panthaka yosaya likhoza kupita ndi madzi kudambo, ngongole nkutsala ndi ife.

Nchifukwa chake tikupempha kuti pa ndalama za ulimi pakhale gawo looneka la kusamalira nthaka: alangizi okwanira, okhala ndi njinga, otithandiza kuyeza akalozera, komanso nazale za vetiva pafupi ndi midzi. Ifenso tili ndi mbali yathu. Kalabu iliyonse ikumbe dzenje m'munda wa membala mmodzi mvula isanayambe, ione pomwe khasu likukanira, ndipo alembi adzabwere ndi muyeso wake kumsonkhano wotsatira.