Maso a Mlimi pa Cimanga ku Chadiza

Mmera mpoyamba, anatero akale. Kuyambira caka ca 2016, pamene mbozi za nchembere zandonda zinalowa m'Zambia, mlimi wa ku Chadiza sangathe kungobzala ndi kukhala pakhonde. Mbozi zimenezi zibisala m'kati mwa nsonga ya cimanga, ndipo zisakaza koposa mvula ikadukiza dzuwa nilikula. Cifukwa cace mlimi wanzeru, kaya wa kwa Mlolo kaya wa kwa Zingalume, ayendera munda wace m'mamawa sabata iri yonse. Akaona masamba obooka ndi ndowe zonga utuci, aphwanya mazira, athira phulusa kapena mcenga m'nsonga, nakauza mlangizi wa zaulimi tsiku lomwelo. Koma iye amene acedwa adzakolola mapesi okha, ndipo ana ace adzagona ndi njala.