Gudumu Lopukusa Magetsi ndi Madzi Olizunguza

(Mau amene anakambidwa kwa mafumu ndi aphunzitsi a kwa Nsamala)



Ena mwa inu munafikako ku nyanja nthawi ya mwera, ndipo munaona mafunde akumenya gombe usana ndi usiku. Kodi mphamvu yonseyo singatipatse magetsi? Ingathe ndithu, koma nkhani yagona pa gudumu. Makina opukusa magetsi amayendetsedwa ndi gudumu la mapiko, ndipo gudumulo liyenera kumazungulira mbali imodzi. Tsono funde silidziwa zimenezo. Limadza, kenaka nkubwerera.

Munthu wina wophunzira, Alan Wells wa ku Belfast, anaipeza nzeru yake cha m'ma 1970. Amamanga chipinda m'mphepete mwa nyanja chotsegula pansi. Funde likalowa limakankha mpweya kuti utuluke pa chibowo cha pamwamba, ndipo likamabwerera limaukokanso. Pa chibowopo anaikapo gudumu la mapiko osemedwa mofanana mbali zonse ziwiri, kotero kuti mpweya kaya ukutuluka kaya ukulowa, gudumu lizungulirabe kumodzi. Ku Mutriku, m'dziko la Spain, anayamba kupanga magetsi ndi magudumu 16 otere mu 2011. Koma gudumuli lili ndi chilema chake: mpweya ukafika mwaukali kwambiri mapiko amalephera kuugwira, ndipo mphamvu imatsika pa nthawi yomwe nyanja yakalipa.

Ife kuno mwai tili nawo, chifukwa Shire sabwerera m'mbuyo. Magetsi athu ambiri achokera ku mathithi a mtsinje umenewu: ku Nkula, kumene anayamba mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Magudumu a ku Nkula ndi a mtundu wa Francis. Mapiko ake ngokhota, ndipo amisiri anawayeza mosamala kuti madzi adutsepo mwa njira imodzi yokha. Anawapangira madzi, abale anga, sanawapangire mchenga kapena udzu.

Apa mpomwe nkhaniyi ikutikhudza ife a kwa Nsamala. Dothi lokokoloka m'minda mwathu limagwera mu Rivirivi, Rivirivi nkulitula mu Shire, Shire nkulipereka ku Nkula. Mchengawo umadya mapiko pang'onopang'ono monga mwala udyera khasu polinola, ndipo phiko likasiya maonekedwe ake, madzi omwewo apereka magetsi ochepa. Matope amadzazanso damu. Namasupuni ndi zinyalala zina zimatseka polowera madzi. Nchifukwa chake mumaona anthu akuvuula udzu pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Akazimitsa makina kuti akonze, chigayo cha pa Balaka chimaima, amai nkubwerera ndi chimanga chosagaya pamutu.

Chotero pempho langa kwa mafumu nlakuti mvula isanagwe muyendere minda ya m'mbali mwa Rivirivi, muone ngati mizere yapingasa chitunda, ndi kuti anthu asiye mpata pakati pa dimba ndi mtsinje, bango ndi mitengo zimere. Aphunzitsi, tengani ana kumtsinje mvula yoyamba ikagwa, atunge madzi m'botolo, aone dothi limene lidzakhala pansi m'mawa mwake.