Madzi Akaphwa Ngozi Siinathe

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Lero tikambirane za nyumba imene yalowa madzi, ndi zoyenera kuchita madziwo akaphwa.

Ambirife tikukumbuka namondwe wa Freddy amene m'mwezi wa Marichi chaka cha 2023 anagwetsa nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera, napha anthu oposa 600. Madzi otere akapita, munthu amafulumira kubwerera kwake poganiza kuti zoopsa zatha. Apa mpamene pamagona ngozi ina.

Nyumba ya zidina imayamba kufa kumapazi. Chidina chimamwa madzi ngati mmene chimachitira chinkhupule, ndipo chinyontho chimakwera pang'onopang'ono kuchokera ku maziko. Khoma likhoza kuoneka lolimba kumwamba pamene pansi pasanduka phala, ndiye n'kudzagwa usiku ana ali m'tulo, ngakhale mvula itakata kale.

Tsono musanalowetse banja, zungulirani nyumba yonse masana. Kandani tsinde la khoma ndi chala. Onani ngati pali ming'alu yatsopano, ngati khoma lapendekeka, kapena ngati chitseko chimene chinali kutsekeka bwino chayamba kukana. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, kagoneni kwa achibale kufikira mmisiri ataiona. Eni nyumba za magetsi asayatse kanthu mpaka wodziwa za magetsi atayesa mawaya, pakuti madzi ndi magetsi sizimwerana.

Nyumba ikapezeka yolimba, kokololani matope onse, tsekulani zitseko ndi mazenera kuti mphepo idutse, ndipo mphasa, zofunda ndi matiresi muziyanike padzuwa. Musathamangire kumata kapena kupaka laimu. Khoma lonyowa limatenga milungu kuti liume, ndipo mukalikuta msanga mwatsekera chinyontho mkati. Posachedwa mudzaona nkhungu yakuda, imene imavutitsa ana ndi odwala mphumu.

Chimanga ndi mtedza zimene zanyowa ndi kuchita chuku muzitaye, pakuti chuku china chili ndi poizoni woononga chiwindi amene satha ngakhale muphike. Kumbukiraninso kuti madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi asanalowe m'chitsime. Kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko la Malawi. Choncho madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira kolorini monga alangizi a zaumoyo amanenera.

Pokonzanso nyumba, ganizirani za dzinja likudzalo. Kwezani maziko, ndipo ngati mungathe mangani mizere yoyambirira ndi njerwa zootcha ndi simenti, n'kuyala pepala la pulasitiki pamwamba pake kuti chinyontho chisakwere. Denga lituluke ndithu kuti mvula isamenye khoma. Khonde likhale lotsetserekera kunja, ndipo mukumbe ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsira madzi kutali.

Koma ngati nyumba yanu ili m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, ndipo yalowa madzi kawiri kapena katatu, simenti yokha siingakupulumutseni. Madzi saiwala khwawa. Kambiranani ndi amfumu za malo a kumtunda kukadali chilimwe.