Kodi Mau Akuti "Boma" Anacokera Kuti?

Munthu wa kwa Mphamba akamanga ulendo wa ku maofesi a ku Lundazi amati, "Ndiri kupita ku boma." Tsono ambiri anauzidwa kuti mau amenewa ndi zilembo zinai za Cingerezi zoimira British Overseas Military Administration, ndiko kunena ulamuliro wa asilikari a Britain kutsidya kwa nyanja. Nkhani imeneyi ikoma m'makutu, koma si yoona ai.

Boma ndi mau a Ciswahili, ndipo tanthauzo lace ndi linga, kapena mpanda wa mitengo ndi minga wocinjiriza anthu ndi ziweto. Azungu aulendo anawamva kwa amtengatenga ao a ku Zanzibar. Henry Morton Stanley anawalemba m'buku lace la 1878, Through the Dark Continent, Angerezi asanayambe kulamulira dera lino; pakuti British South Africa Company inalandira cilolezo cace m'caka ca 1889. Kodi mwana angabadwe atate wace asanabadwe?

Cimene cinacitika ndi ici: abwana oyamba anamanga maofesi ao m'kati mwa malinga. Motero dzina la mpanda linagwera ofesi, ndipo pambuyo pace linagwera ulamuliro womwe. Wobwereka pamenepa ndi Mngerezi.

Kubwereka kotere ndi khalidwe lace la Cingerezi kuyambira kale. Pa Lundazi pomwepo, m'mbali mwa damu, pali nyumba yochuka ya Castle, imene Bwana D.C. Errol Button anamangitsa pakati pa 1948 ndi 1952. Mau akuti castle anacokera ku Cilatini, castellum, ndilo linga laling'ono, ndipo anafala ku England Anormani atagonjetsa dzikolo mu 1066. Cotero mlendo wogona ku Castle ya ku boma wagona m'malinga awiri: lina la Aroma, lina la Aswahili.

Womvera acenjere ndi wina ali yense wong'amba mau akale kukhala zilembo. Enanso amati news ndi North, East, West, South, cikhalireco mauwo angonena zinthu zatsopano, kucokera ku new. Mau ali ndi makolo monga munthu, ndipo mbiri yao ipezeka m'mabuku akale ndi pakamwa pa eni cinenero. Mphunzitsi wouza ana kuti boma ndi zilembo za Angerezi wapatsa mlendo mbuzi ya m'khola la mnansi wace.