Za Pogona pa Mbira Zathu

Mafumu ndi abale a Bungwe, ndipempha makutu anu pa kanthu kakang'ono. Ena mulikuseka, ndaona. Koma mbira ndiyo ciweto coyamba ca mwana wa mmphawi.

Mbira zinacokera ku mapiri a Andes, ku Peru, ndipo kuzizira kwa Dedza zipirira ndithu; cozipha ndico cinyezi ndi pogona poipa. Ine ndinataya zisanu m'mwezi wa July, nditaziyalira utuci wa paini wocokera kocekera matabwa, poyesa kuti ndacenjera. Pfumbi lace ndi pfungo la utomoni zilowa m'cifuwa, nyama niyamba kuyetsemula ndi kubanika. Pansi ponyowa ndi mkodzo patupitsanso mapazi, pakuti kunsi kwace alibe ubweya.

Yalani udzu wofewa, wouma bwino, wocuruka kuti zibisalemo, zidzadyako womwewo. Makoko a cimanga athandiza. Udzu wocita nkhungu tayani. Pakapita masiku atatu cotsani wonyowawo, mukathire ku dimba la mbatata.

Tsono inu mafumu, pempho langa ndi ili: letsani anyamata osaka mbewa, asatenthe thengo ana asanamwete udzu wao ndi kuusunga pa nsanja.