Ku hockey amakwera ndi wosewera, timu imakhala pomwepo



Ndinapemphedwa kuti ndifotokoze za hockey ya pa ayezi ya ku America ndi Canada, makamaka m'mene wachinyamata amafikira mu ligi yaikulu. Ambirife tinangoionapo pa foni, koma kayendetsedwe kake nkofunika kukamva.

Kuno tinazolowera kuti timu ikapambana m'chigawo inkalowa mu Super League, zakumchira nkutuluka. Kumeneko sizitero ayi. Ligi yaikulu, NHL, inayamba mu 1917 ndipo ili ndi matimu 32. Timu ingagonje chaka chonse, siituluka. Amene amakwera kapena kutsika ndi munthu payekha.

Pansi pa NHL pali AHL. Nayonso ili ndi matimu 32, ndipo iliyonse ndi yolumikizidwa ku timu imodzi ya NHL. Mwachitsanzo, Toronto Marlies imakonzera osewera Toronto Maple Leafs, pomwe Hershey Bears imakonzera Washington Capitals. Pansi pake palinso ECHL, yomwe inayamba mu 1988.

Ndiye zimayenda bwanji? Chaka ndi chaka matimu a NHL amasankha anyamata a zaka 18 kupita m'mwamba, mwambo womwe amautchula kuti draft. Kusankhidwa sikutanthauza kuti wafika. Timu imaloledwa kusainitsa osewera 50, koma pa mndandanda wa timu yaikulu pamakhala osaposa 23. Ambiri mwa otsalawo amakasewera ku AHL kapena ECHL, nkumayenda maulendo ataliatali pa basi, kudikira foni. Wina akavulala kumtunda, timu imaitana amene wakonzeka, ndipo mnyamata uja amanyamuka tsiku lomwelo. Akalephera kuonetsa mphamvu, amabwezedwa.

Nkhani ya ndalama ndiye imawawa. Anyamata ambiri amasaina kontrakiti ya mbali ziwiri: ukakhala ku NHL malipiro ndi ochuluka, ukatsitsidwa nawonso amatsika kwambiri. Tangoganizani kudzuka m'mawa osadziwa kuti sabata yamawa ulandira ziti.

Makochi nawo amadutsa njira yomweyi. Jared Bednar anatenga Kelly Cup ya ECHL mu 2009, Calder Cup ya AHL mu 2016, kenako Stanley Cup ya NHL ndi Colorado Avalanche mu 2022. Kuchoka pa chikho choyamba kufika pa chachitatu panadutsa zaka 13.

Ineyo ndinalemba MSCE, pano ndili pakhomo kudikira, ndipo ena mwa inu tili m'gulu limodzi. Chimene chandigwira mtima n'choti ku AHL munthu sadikira atapinda manja. Amasewera ngati akumuona, poti akumuonadi, ndipo foni ikalira sipakhala nthawi yoyamba kukonzekera.

Ndiimire pomwepa. Amene ali ndi funso akweze dzanja.