Chilungulira ndi Kupweteka kwa Mfundo

Lero ndiyamba ndasiya za mbeu, ndinene za mwini khasu. Ena mwa inu mumamwa omeprazole chifukwa cha chilungulira. Mankhwalawa ngabwino ndithu, pakuti amachepetsa asidi wa m'mimba. Koma kwa anthu owerengeka amadzetsa ululu m'mawondo, m'zigongono ndi m'zala. Tsono mlimi amangoti ndi khasu, nakagula Brufen kapena aspirin kugolosale. Apo ndiye palakwika, chifukwa amenewo amapweteka m'mimba momwe muja, ndipo angathe kuyambitsa zilonda. Ngati ululuwo wadza mutayamba omeprazole, pitani kuchipatala, mutenge ndi paketi yake, kuti adokotala aone ngati nkofunika kukusinthirani. Inu mafumu, mukawauze anthu anu zimenezi pabwalo.